Tinakalirira Amayi ku Deira

Amayi anatisiya m'nyengo ya mliri ija, ine ndili ku Mirdif, mu Dubai, pantchito m'nyumba ya eni, mchimwene wanga ali pakati pa nyanja. Tinabadwa awiri okha, ine woyamba. Uthenga unandipeza masana ndikusita malaya a ana a madamu, amene masiku amenewo ankavala yunifolomu kumtunda kokha popeza sukulu inali ya pakompyuta. Anaimba foni ndi amalume. Anati amayi amwalira m'mawa ndipo aikidwa kale, chifukwa mtembo wa matenda aja sunkagona pakhomo. Kunalibe siwa, kunalibe kwaya, anthu ochepa amene anapita kumanda anaima patali. Ndinati ndamva amalume, zikomo. Kenako ndinamaliza kolala imene ndinali nditayamba, poti ayironi inali ikadali yotentha.

Madamu ndisawanamizire, anamva chisoni. Anandigwira paphewa, chinthu chimene nthawi imeneyo munthu sankachita mwachisawawa, n'kundiuza kuti ndikapume tsiku lonselo. Ndinakakhala pabedi m'kachipinda kanga kuseri kwa khitchini n'kumadikira misozi. Sinabwere. Kwathu ku Mchinji munthu salira maliro yekha ngati wamenyedwa. Umabuma pali wina wokulandira, wowadziwa malemuwo, woti iwe ukatopa iye ayambe. Ndipo wachibale amene anali kutali akafika, ngakhale patapita chaka, simumuuza nkhani ali chiimire pakhomo. Mumakhala pansi nonse, wina n'kufotokoza mmene matenda anayendera, kuchokera tsiku limene malemu anayamba kudandaula mutu mpaka pamene anatsirizika, kenako mumalira ngati zachitika dzulo. Maliro n'kulirana. Nanga ine ndikanalirana ndi yani, makina ochapira?

Mchimwene wangayo ankagwira ntchito m'sitima yapamadzi, zija zazikulu ngati tauni, zoyendetsa anthu okaona maiko. Anali kochapira zovala, pansi penipeni, kumene dzuwa amangolimvera mbiri. Pamene amayi ankamwalira sitimayo inali itangoima panyanja yopanda alendo, antchito okha atatsekeredwa momwemo, palibe doko lofuna kuwalandira. Netiweki yake inali yodukaduka. Nditamupeza n'kumuuza, anandidula ndisanafotokoze zambiri. Ndiye anati, "Achemwali, pafoni ayi. Tidzalira tikadzakumana." Ndinavomera, osadziwa kuti katundu amene ndasenza ndi wolemera chotani.

Kuyambira pamenepo amayi anayamba kubwera. Sindikunena za maloto ayi, ine ndikagona ndimagona ngati mtolo wa nkhuni. Ankabwera masana dzuwa lili pamutu, makamaka ndikakhala m'chipinda chochapira. Makina owumitsira zovala akangozima, bata lija likagwa, ndinkadziwa kuti pakhomo kumbuyo kwanga paima munthu. Ndinkamva fungo la fodya wouma, limene silinkachoka m'zitenje zawo ngakhale uchape bwanji, pakuti moyo wawo wonse unathera m'chigafa akusankha fodya. M'nyumba ya madamu munalibe wosuta, ndiponso fodya wa m'chigafa safanana ndi ndudu. Ndikatembenuka, chitseko chokha. Sankandiopseza, sankanena kanthu. Chimene chinkandiwawa n'chakuti ankangoima. Amayi anga sanali munthu woima pakhomo la mwana wawo ngati wodzapempha mchere. Ndine munthu wopemphera, ndikudziwa zimene abusa amanena pa nkhani zotere, koma ndikunena zimene zinkandichitikira.

Chaka chinatha, china n'kuyamba. Ana anabwerera kusukulu atavala mamasiki, misika inatsegulidwa, koma ine kutuluka kwanga kunali kukataya zinyalala ndi kuperekeza ana pagalimoto. Madamu ankaopa kwambiri chifukwa m'nyumbamo munali apongozi awo okalamba, odwala shuga, ndiye tsiku langa lopuma ndinkapumira m'kati mwa mpanda. Za kupita kwathu ndinazichotsa m'mutu. Ndege zinali zovuta, ndipo ukapita sunkadziwa ngati udzapeze ntchito ikukudikira.

Ndiye m'nyengo yozizira, pamene kuno kumayendeka masana, mchimwene wanga anatumiza uthenga wakuti sitima zayambiranso kuyenda, ndipo yawo ikubwera ku Dubai. Ifika m'mawa, inyamuka madzulo a tsiku lomwelo. Ndisanayambe n'komwe kuvina anawonjezera kuti antchito saloledwa kutsika. Ngakhale alendo eni akewo sankatsika mwaufulu. Ankatuluka m'magulu, gulu lililonse ndi basi yake, ndipo wochoka pagulu kapena wokasakanikirana ndi anthu a m'tauni sankaloledwa kukweranso sitima, katundu wake ankamupeza padoko. Kwa mlendo limenelo ndi tchuthi lowonongeka chabe. Kwa wantchito ndiye kuti ntchito yatha, ndipo mchimwene wanga anali ndi mkazi ndi ana ku Lilongwe amene ankadya za m'sitimamo.

Koma matenda omwewo anatitsegulira kampata. Antchito ambiri oyang'anira maulendo anali atatsekeredwa m'zipinda, ndiye mabwana anayamba kubwereka anthu a mbali zina kuti aziperekeza mabasi. Ntchito yake inali yosalira sukulu: kunyamula chikwangwani cha nambala pakamtengo kuti nkhalamba zisasochere, kugawa madzi, kupopera anthu sanitayiza m'manja. Mchimwene wanga anadzipereka msangamsanga ngati mwana wodziwa yankho m'kalasi. Anamulola, n'kumuuza kuti asankhe yekha ulendo umene akufuna. Iye Dubai sankamudziwa, ndiye anaponyera ine. Anati ndine mwini mudzi, ndisankhe poti akandione.

Mwini mudzi wake uti? Ndinali nditakhala mu Dubai zaka ndithu, koma ndinkamudziwa monga nkhuku imadziwira msewu ili m'dengu panjinga. Zinthu ndinkazionera pazenera la galimoto, nditafungatira zikwama za ana. Nkhaniyi ndinapita nayo kwa mnzanga wa ku Chipata amene ankagwira ntchito m'nyumba yoyandikana nafe, mayi wamkulu kwa ine, wapakamwa, amene anaiyenda tauni yonseyi mliri usanabwere. Tinkakumana pa mabini a zinyalala, aliyense ataima mbali yake, ndipo milandu yathu yonse inkaweruzidwira pamenepo.

Ulendo umene alendo ankaulimbirana unali wa kuchinsanja chachitali chija chimene aliyense wobwera kuno amajambulitsapo. Ine ndinaukonda, chifukwa ndinkafuna kuti mwana wa amayi anga, wokhalira kunsi kwa madzi, akalione dziko ali m'mwamba ngakhale kamodzi. Mnzanga anandiseka. Anati gulu la sitima limalowera khomo lakelake, limakwera chikepe chakechake, ndipo ine ndikatsala pansi kukamwa kuli yasa, kufunafuna mchimwene wanga pa mawindo osawerengeka. Panalinso wina wa kuchipululu, kokakwera ngamila ndi kuthamangitsa galimoto pamilu ya mchenga. Kumeneko basi za anthu wamba sizifika, ndipo ngakhale ndikanafika, mayi wakuda ataima yekha pamchenga ndi kachikwama m'manja akanaonekera patali ngati chulu pabwalo la mpira. Wa kugombe sitinataye nawo nthawi, unali wa kuhotela ya mpanda, mlonda ali pageti.

Umene unandizunguza mutu unali wa basi yosaima, yongozungulira tauni alendo akuonera pazenera. Unalibe ngozi ngakhale pang'ono. Ndikanaima pa maloboti ena ake, iwo n'kudutsa, iye n'kukweza dzanja, nkhani yatha, ntchito yake ili bwinobwino. Masiku angapo ndinkati ndisankha umenewo, ndipo munthu wanzeru akanasankha umenewo. Koma ndikaganiza kuti ndadikira nthawi yonseyi kuti ndidzaone dzanja kuseri kwa galasi, mwinanso maloboti n'kupezeka ali obiriwira, mtima unkakana.

Mnzanga ndiye anatchula za ku Deira, kutauni yakale. Ankakudziwa bwino chifukwa ndiko ankagula katundu wotumiza kwawo. Anati paulendo umenewo basi imatsitsa alendo tsidya lina la khiriki, kamtsinje ka madzi a m'nyanja kamene kamagawa tauni yakale pawiri, ndipo amawaolotsa pa abra, timabwato tamatabwa tija, kupita kumsika wa zonunkhiritsa ndiwo ndi wa golide. Gulu lonse silikwana m'bwato limodzi. Oyamba kuoloka amaima padoko kudikira anzawo, ndipo wa chikwangwani amaoloka ndi oyambawo.

"Manje iwe uzankala pa benchi monga uyembekeza boti," anatero m'Chinyanja chake. "Kulibe wamene azakufunsa. Koma osamugwira, wamvela? Ukamugwira wamupaya, ntchito yamuthera."

Tinapangana ndi mchimwene wanga kuti tikangoonana. Iye akaima ndi chikwangwani chake, ine ndikakhala pabenchi, tikalankhula pafoni ndi timahedifoni m'makutu ngati anthu osadziwana. Za amayi ayi, zimenezo zidikire tsiku lokhala ndi mphasa. Ndinamubwerezera, ndipo anavomera.

Madamu ndinawapempha m'mawa umodzi wokha, n'kuwauza zoona. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anandipatsa mamasiki awiri oti ndivale pamodzi ndi kabotolo ka sanitayiza, n'kunena kuti inshallah, Mulungu akalola, ndikamuona. Dzulo lake ndinakazinga mandasi, chifukwa sindinaleredwe kukakumana ndi m'bale wanga chimanjamanja. Mnzanga atandiona nawo pa mabini anandifunsa ngati ndikufuna kukamuponyera monga amachitira ndi anyani. Ndinakwiya, koma ankanena zoona. Mandasiwo anadya ndi iyeyo, akudandaula kuti shuga wachepa.

Tsikulo ndinalawira. Basi, kenako sitima yapamtunda ya Metro, kenako wapansi, ndipo ndinafika padoko la abra dzuwa lisanakwere. Kunali kamphepo. Madzi ankanunkha dizilo, mbalame zoyera za kunyanja zikulira pamwamba pa mabwato, amuna opita kuntchito akutsika ndi kukwera mwakachetechete, aliyense nkhope yobisika. Kuchokera kumsika kunkabwera fungo la lubani ndi tsabola. Ndinapeza benchi yoyang'anizana ndi pamene anthu amatsikira. Ndinakhala nthawi yaitali, magulu a sitima zina n'kumadutsa, azungu okalamba a maondo ofiira, aliyense atamatidwa kapepala ka nambala pachifuwa ngati mabelo opita ku okushoni. Amati mlendo ndi mame, koma mame awa pofika madzulo akanakhala ataona Dubai wambiri kuposa ine. Ndipo pabenchi pomwepo, pakati pa lubani ndi dizilo, fungo la m'chigafa lija linandipeza. Kanali koyamba kulimva kunja kwa nyumba. Sindinatembenuke.

Chikwangwani ndinachiona bwato likadali pakati pa madzi. Nambala yake inali yomwe anandiuza. Amene anachinyamula anali mwamuna wowonda, woyezuka ngati chimanga chomera pamthunzi, atavala malaya oyera a kampani. Anatsika, n'kugwira dzanja gogo wina wachizungu kuti atsike bwino, n'kukaima pamalo pomwe mnzanga ananena, chikwangwani chili m'mwamba. Ndiye anayamba kuyang'anayang'ana.

Moyo wanga wonse ndinkati mchimwene wanga anatengera bambo athu, chifukwa cha kamwa ndi chibwano. Masiki inabisa za bambo zonsezo n'kusiya chipumi ndi maso. Anali maso a amayi, ndi kakhwinya kawo komwe ka pakati pa nsidze akamafunafuna munthu pagulu. Ndinagwira benchi ndi manja onse awiri. Ndinachita mantha, mantha enieni, ndipo kwa kanthawi sindinafune kuti maso amenewo andipeze.

Anandipeza, foni n'kulira m'chikwama.

Tinapatsana moni ngati tinaonana dzulo. Anati ndanenepa, ndinati ndi mpunga wa eni. Ndinati iye watha ngati sopo, anati ndi nthunzi ya kochapira. Anandifunsa ngati nsapato ndavalazo n'zanga kapena ndabwereka kwa madamu. Pakati pathu panali kamtunda koti mutayalapo mphasa zingapo zikanatilumikiza, anthu n'kumadutsapo. Alendo ake anali kalikiliki kujambula mabwato. Bwato lachiwiri linali lisananyamuke n'komwe tsidya lija.

Kenako anati, "Achemwali, paja amayi anayamba bwanji?"

Ndinamukumbutsa pangano lathu.

"Sitima ikunyamuka madzulo," anatero. "Amalume ankaimbira inu, ine sindikudziwa kanthu. Fotokozani."

Ndinayamba. Ndipo nditangoti anayamba ndi chifuwa, mchimwene wanga anakhala pansi. Ndikudziwa kuti sanaganize. Miyendo inangochita zimene inaphunzira kwathu, pakuti palibe mwana wa munthu amene amamva za imfa ya mayi ake ali chiimire ngati akumvera zotsatira za mpira. Anakhala pasimenti atatambalala, chikwangwani atachigoneka pantchafu. Inenso ndinaona, koma m'maso mwanga munalibe cholakwika, ndiye ndinapitiriza.

Ndinamuuza kuti poyamba ankati ndi fumbi la fodya. Kuti anadzifukiza ndi masamba a bulugamu atafunda bulangete, monga ankachitira aliyense nthawi imeneyo, n'kumati akupezako bwino. Kuti chakudya chinasiya kuwakomera, n'kumakalipira mwana wa amalume kuti waiwala mchere. Kuti mpweya utayamba kuvuta anawatengera kuchipatala panjinga yamoto, amalume atawagwirira kumbuyo, ndipo kumeneko achibale sankaloledwa kulowa. Iye ankangovomera kuti eya, eya, monga timachitira. Ndinafika pamene amalume ankawasiya pakhomo la wodi. Mawu a pamenepo ndinali nditawasunga ndekha miyezi yonseyi, ndipo ndinaganiza zowadumpha, koma wofotokoza maliro sadumpha. Amayi anagwira amalume dzanja n'kunena kuti, "Musawauze ana, ali pantchito za eni."

Mchimwene wanga anabuma. Sikunali kulira kwa mwamuna kobisa nkhope ayi, kunali kwa kwathu, kotulutsa mawu, kuitana amayi, kuwafunsa kuti atisiyira yani. Masiki inanyowa n'kumamatira kukamwa, anaikokera pansi kuti apume, ndipo misozi itamutsamwa anayamba kutsokomola.

Apa m'pamene ndinaona zimene ena onse ankaona. Wantchito wa sitima, m'nyengo ya mliri, wagwa pansi, maso ofiira, mamina ali chuchuchu, masiki ili pachibwano, akutsokomola. Alendo aja anabwerera m'mbuyo onse pamodzi. Gogo amene anamugwira dzanja uja anayamba kulipukuta dzanjalo ndi kansalu. Wina ananena m'Chingerezi kuti munthuyu akudwala, mawuwo n'kuyenda padoko ponse, ndipo amuna opita kuntchito aja anapatuka nawonso. Panatseguka bwalo lalikulu, iye ali pakati yekhayekha. Kumaliro a kwathu munthu akabuma anthu amasendera pafupi, ena kumugwira mapewa, ena m'chiuno. Ndinali ndisanaonepo anthu akuthawa wolira.

Ndinangozindikira ndaimirira, phazi limodzi lili kale m'bwalomo. Bwato lachiwiri linali likufika, ndipo kutsogolo kwake kunaima mayi wa yunifolomu ndi kawailesi m'manja, mkulu wa ulendowo, akuyang'ana. Mchimwene wanga anandiona. Sanasiye kulira, anangolowetsa mawu m'kuliramo, mwa kamvekedwe komweko, kuti womva aziti akuitanabe amayi ake.

"Amayi ine, amayi. Achemwali musabwere. Ana anga, achemwali. Tembenukani, musandiyang'ane. Amayi ine."

Ndinatembenuka. Pafupi panali masitepe otsikira kumadzi, pamene anthu amakhala podikira bwato. Ndinakhala pamenepo, nkhope kumadzi, msana kwa iye. Ndipo misozi imene inandikana ku Mirdif inabwera yonse. Ndinalira mokweza, ndinawaitana amayi, ndinawauza kuti ife sitinadziwe, kuti akanangotiuza. Foni inali isanaduke, ndiye ndinkamumva kawiri, m'khutu ndi kumbuyo kwanga, ndipo iye akapuma ine ndinkayamba, ine ndikapuma iye n'kulandira. Ngati alipo amene anaona kuti anthu akuda awiri akulira padoko limodzi, sananene. Mwina ankaopa kuyandikira kuti afunse. Woyendetsa bwato ankangoitana anthu ake, yalla, yalla. Bambo wina wa ndevu zopaka utoto wofiira, wa ku Pakistan kapena kwina, anaika botolo la madzi pasitepe ya kumtunda kwanga n'kuchoka.

M'foni ndinamva mawu a mayi wa yunifolomu uja, akumufunsa ali chapatali ngati akutha kupuma, ngati angathe kuimirira. Ndinamumva iye akupepesa m'Chingerezi chake cha pantchito. Kenako foni inaduka. Sindinacheuke, chifukwa anali atandiuza. Ndinakhala choncho mabwato n'kumabwera, n'kumapita.

Pamene ndinayang'ana kumbuyo, padoko panali patadzazanso anthu. Gulu lija linali likulowa mumsika, chikwangwani chitanyamulidwa ndi munthu wina. Pamene anakhala mchimwene wanga panali bambo wa zoyeretsa atavala magolovesi, akupoperapo mankhwala.

Ndinafika ku Mirdif masana, maso ali psuu, mawu atasasa, mphuno ikuchucha. Madamu ananditsegulira geti, n'kundiyang'ana, n'kubwerera m'mbuyo monga anachitira alendo aja. Ndinayesa kufotokoza kuti ndimalira, koma mawu anatuluka ngati a chule, zinthu n'kungoipiraipira. Sindinawaimbe mlandu, anali ndi nkhalamba m'nyumba. Anandiuza kuti ndilowere khomo lakuseri, ndikhale m'chipinda mwanga mpaka adzandiyeze ndi kudikira masiku ake.

Madzulo ake uthenga unabwera. Mchimwene wanga anamubweza kusitima pagalimoto yayekha, anamuyeza, sanamupeze ndi kanthu, komabe anamutsekera m'kachipinda kopanda zenera kuti aone ngati matenda atuluke. Anawauza kuti analandira nkhani ya maliro pafoni, zimene sizinali bodza. Za ine sanatchule, ndipo palibe anafunsa.

Tinakhala choncho, iye m'kachipinda kake sitima ikuyenda, ine m'kanga. Chakudya ankatisiyira pakhomo n'kugogoda. Palibe amene anatituma ntchito. Netiweki ikalola tinkaimbirana n'kumakumbutsana za amayi, zina zoseketsa, monga mmene ankakanganirana ndi wailesi, kutsutsa owerenga nkhani ngati akuwamva. Tikaseka tinkaliranso. Tsiku lina iye anati, "Achemwali, mwaona? Atimangira siwa osadziwa." Ndinaseka mpaka kutsokomola, kenako ndinadzigwira pakamwa kuopa kuti madamu amva. Koma inali siwa yopanda wodzapepesa, ndipo masana makina akazima kuseri kwa khoma ndinkatcherabe khutu.

Ntchito sanamuchotse. Anamuchenjeza n'kumubwezera kochapira, ndipo pamabasi sanamuikenso. Sitimayo inabweranso ku Dubai kangapo nyengo imeneyo, iye ali pansi pake akupinda mathawulo, ine ndili ku Mirdif ndikupinda anga. Kutayamba kutentha inapita kunyanja zina. Mpaka lero sitinakumanenso. Tchuthi changa chikafika iye amakhala ali pamadzi, chake chikafika ine ndimakhala ndili kuno. Nkhope yake yonse ndinaiona kanthawi kochepa kaja, ili yonyowa, masiki ili pachibwano, ndipo ndi imeneyo imene ndimayenda nayo.

Mlamu wanga ndiye anandiuza pafoni kuti mwamuna wake atapita kwawo kukapuma, ana anamuunjirira ndi mafunso. Anali ataona zithunzi za Dubai m'mafoni a anzawo, ndiye ankafuna kudziwa chimene bambo awo anaona atatsika sitima. Akuti anaganiza kaye, ngati munthu wofuna kuyankha zoona zokhazokha. Ndiye anawauza kuti anaona madzi pang'ono, ndi msana wa azakhali awo.